Sisitere Irene Stefani, namwino wa amtengatenga

Amayi, mukamadutsa pa nsanja ya wotchi m'tauni ya Mangochi mumaona mfuti ya sitima ya Guendolen. Mfutiyo imatikumbutsa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Amuna ambiri a kuno kwa Mponda ndi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo kupita ku Tanganyika. Chimene chinawatha kwambiri si chipolopolo ayi, koma njala, kamwazi, malungo ndi chibayo.

Mmodzi mwa anamwino amene ankasamalira amtengatenga a mitundu yosiyanasiyana anali Sisitere Irene Stefani wa chipani cha Consolata. Anabadwira ku Anfo, m'dziko la Italy, mu 1891, ndipo anafika ku Kenya mu 1915. Kuyambira 1916 anatumikira m'zipatala za nkhondo ku Voi, Kilwa, Lindi ndi Dar es Salaam. Tikati zipatala musaganize za nyumba ya mabedi ndi mankhwala okwanira. Zinali zisakasa zodzaza anthu a zilonda zonunkha, ogona pansi, olankhula zinenero zimene iye sankazidziwa. Ankawasambitsa, kuwamanga mabala ndi kuwadyetsa ndi dzanja lake.

Nkhani imene imakumbukidwa kwambiri ndi ya wodwala wina dzina lake Athiambo, amene Sisitereyu ankamukonzekeretsa ubatizo. Tsiku lina anapeza malo ake ali pululu. Anamuuza kuti munthuyo wamwalira ndipo akamutaya pamodzi ndi mitembo ina m'mbali mwa nyanja. Iye sanakhutire. Anapita komweko, nayamba kusuntha mitembo umodziumodzi mpaka anamupeza akupumabe, namubatiza. Inu amene munasambitsapo maliro mukudziwa kulemera kwa mtembo umodzi wokha.

Nkhondo itatha anakakhala ku Gikondi, kumene Akikuyu anamutcha Nyaatha, kutanthauza mayi wachifundo. Mu 1930 kunabuka mliri wofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe. Anasamalira mphunzitsi wina wodwala mliriwo, nautenga, namwalira pa 31 Okutobala ali ndi zaka 39.

Ubale wake ndi ife uli pafupi. Mu Januwale 1989, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, akatekisiti ndi mabanja awo anatsekeredwa masiku angapo m'tchalitchi cha Nipepe, m'dayosizi ya Lichinga. Anapempha thandizo la Sisitere Irene, ndipo madzi ochepa a m'chitsime cha ubatizo anawakwanira onse osaphwa. Mpingo unavomereza chozizwitsachi, ndipo pa 23 Meyi 2015 anatchulidwa Wodala ku Nyeri.

Koma pano tisamale. Mu 1930 mankhwala a mliri uja kunalibe. Ife tili ndi zambiri zimene iye analibe. Kolera atavuta kuno mu 2022 ndi 2023, amene ankachapa zovala za odwala ndi kutaya zonyansa anali amayi. Kudwazika matenda sikufuna kuti nanunso mudwale. Sambani m'manja ndi sopo, thirani klorini m'madzi akumwa, valani magolovesi kapena majumbo pogwira zonyansa, mwetsani wodwala Thanzi ORS muli pa ulendo wa kuchipatala, osadikira kuti kuche.

Pa msonkhano wa mwezi uno, mphakati uliwonse ubwere ndi mayina a odwala amene alibe owadwazika, ndipo mugawane masiku owayendera.