Impso za Mwana Zimaoneka Asanabadwe

Mwana amakodza akali m'mimba mwa mayi wake. Ambiri amadabwa pomva zimenezi, koma ndi mmene thupi la munthu linapangidwira. Impso za mwana zimayamba kupanga mkodzo mimba ikamakwanitsa miyezi itatu, ndipo pofika mwezi wachisanu gawo lalikulu la madzi a m'nsupa limakhala mkodzo wa mwanayo. Madzi amenewa si uve ayi. Amatchinjiriza mwana kuti asapanikizike, ndiponso mapapo ake sangakule bwino madziwo akachepa kwambiri. Motero njira ya mkodzo ikatsekeka, ngozi sithera pa impso zokha, imafikanso ku mapapo.

Munthu ali ndi impso ziwiri. Kuchokera ku impso iliyonse pali kanjira kotsikira ku chikhodzodzo, ndipo kuchokera ku chikhodzodzo pali njira imodzi yotulutsira mkodzo kunja. Mlimi wa kudimba amadziwa kuti ngalande ikatsekeka ndi zinyalala madzi amadzaza kumtunda. Chomwechonso, pena pakachepa kapena kutsekeka m'njira zimenezi, mkodzo umaunjikana ndipo impso imafufuma. Kwa ana ena njira sikhala yotsekeka, koma mkodzo umabwerera kuchoka m'chikhodzodzo kukwera ku impso.

Kale matenda otere ankadziwika mwana atadwala kale, impso zitaonongeka. Lero angathe kuoneka mwana asanabadwe, chifukwa cha makina ounikira m'mimba amene anthu amati sikani. Dokotala Ian Donald ndi anzake a ku Glasgow ndiwo analengeza za kuunika kotere m'chaka cha 1958. Makinawa amatumiza m'thupi phokoso limene khutu silingamve, ndipo phokosolo likabwerera limapanga chithunzi. Sali ngati ekisire; saotcha, sapweteka, ndipo sachotsa mimba. Mu 2016 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera aunikidwe kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Ichi ndi chifukwa chimodzi choyambira sikelo msanga, osadikira kuti mimba ionekere kwa aliyense wodutsa m'njira. Kumene chipatala chaching'ono chilibe makina, anamwino angathe kutumiza mayi ku chipatala cha boma chachikulu cha m'dera lake.

Kufufuma kwa impso kumaoneka mwa mwana mmodzi kapena awiri pa ana 100 alionse ounikidwa ali m'mimba. Mayi akauzidwa zimenezi asataye mtima, pakuti mwa ana ambiri kufufumako kumakhala kochepa ndipo kumatha kokha, mwana asanabadwe kapena m'zaka zake zoyambirira. Sikubwera chifukwa cha chakudya chimene mayi anadya, kapena ufiti, kapena mwambo umene makolo anaphonya, ndipo palibe chifukwa cholozerana zala m'banja. Madokotala amadera nkhawa makamaka pamene impso zonse ziwiri zafufuma, chikhodzodzo chakula mopitirira, kapena madzi a m'nsupa achepa. Mayi wotere amaunikidwanso mimba ikamakula, ndipo amalangizidwa kukachirira ku chipatala chachikulu.

Pamene nkhaniyi imalakwika kawirikawiri ndi mwana atabadwa. Khanda limaoneka lonenepa, likuyamwa bwino, abale akusangalala, ndipo mawu a woyeza uja amaiwalika. Kapepala ka sikani kamatsala m'chikwama. Koma impso imaonongeka mwakachetechete, mwana osalira. Zimene zinaoneka pa sikani ziyenera kulembedwa m'buku la kuchipatala la mayi, ndipo pa tsiku lochira mayi kapena womudikirira aonetse bukulo kwa azamba ndi kufunsa tsiku lodzaunikira mwana. Kuunikako kumachitika pakapita masiku awiri kapena kuposerapo, chifukwa pa masiku oyamba khanda limapanga mkodzo wochepa ndipo impso yodwala ingaoneke ngati yabwino. Pokhapokha vuto likakhala lalikulu ndi pamene madokotala sadikira. Ngati tsikulo lagwa mwana asanatuluke m'chikuta, akuluakulu a pabanja amvetse kuti ulendo wa kuchipatala sungadikire mchombo kugwa.

Pali vuto lina limene limagwira ana aamuna okha. Kakhungu kopyapyala kamamera m'kati mwa njira yotulutsira mkodzo, pafupi ndi chikhodzodzo, ndi kumatchinga mkodzo. Limapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa ana zikwi zingapo, koma ndi loopsa chifukwa limakhudza impso zonse ziwiri. Ngakhale mayi amene sanaunikidwe angathe kulizindikira, ngati ayang'anitsitsa posintha thewera. Mwana wamwamuna wathanzi amakodza mwamphamvu, mkodzo kuthamanga patali, nthawi zina mpaka kunyowetsa womusambitsa. Amene ali ndi vutoli amachita kudzikakamiza, mkodzo umangodontha, ndipo pansi pa mchombo pamakhala potupa ndi polimba. Kuchipatala amayamba ndi kulowetsa kapaipi kofewa kuti mkodzo utuluke, kenaka madokotala a opaleshoni amadula kakhunguko podzera m'njira ya mkodzo yomweyo. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, pali chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, chimene chinatsegulidwa mu 2017. Ngakhale opaleshoni itayenda bwino, ana ena impso zawo zimafooka akamakula, choncho mwana wotere ayenera kumapimidwa kwa zaka zambiri, ngakhale akuoneka wamphamvu.

Khanda lililonse limene latha tsiku lathunthu osakodza lionetsedwe kwa anamwino. Mkodzo wokhalitsa m'thupi umasunga tizilombo, ndipo n'chifukwa chake ana ena amapatsidwa mankhwala ochepa omwa tsiku ndi tsiku. Mankhwalawo asalekedwe dokotala asananene. Mwana wotere akatentha thupi, akamasanza kapena akakana bere, makolo asafulumire kunena kuti ndi malungo ndi kukagula mapiritsi pa golosale. Apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula buku lake, ndipo auze dokotala za impso zija kuti pamodzi ndi magazi apimenso mkodzo.