Oilo Akamadontha, Yambirani Pamwamba

Alimi anzanga, galimoto yakale ngati Peugeot 504 ikayamba kudontha oilo, musathamangire kumasula injini. Oilo amayenderera n'kukadonthera kutali ndi pomwe watulukira.

Ine ndimatsuka injini ndi parafini itazizira, ndipo ikauma ndimawazapo ufa woyera. Kenako ndimailiza mphindi 10. Malo apamwamba kwambiri pomwe ufa wanyowa, vuto lili pomwepo. Kawirikawiri imakhala gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, yosaboola m'thumba.

Onaninso kapaipi kopumira injini. Kakatsekeka, mpweya umakankha oilo ngakhale pa gasiketi yatsopano. Koma oilo akamatulukira pomwe injini yakumana ndi giyabokosi, pitani kwa makaniko msanga. Pamenepo mpofunika kulekanitsa ziwirizi, ndipo mukazengereza oiloyo anyowetsa kilatchi, galimoto n'kumakanika chitunda itasenza chimanga.