Mukufuna Unamwino? Yambirani Apa

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, achinyamata ambiri amathamangira ku unamwino. Ena amaukondadi, ena amakankhidwa ndi makolo poti amati ntchito yake sisowa. Kaya inu mwafikapo bwanji, pali zinthu zimene simungazidumphe, ndipo choyambirira ndi chimene ambiri amachinyozera.

Musanalipire ngakhale tambala ya fizi, fufuzani ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo n'zovomerezeka ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi. Khonsoloyi ndiyo imalemba anamwino ndi azamba m'kaundula, ndiyo imalembetsa mayeso omaliza, ndiyonso imapereka laisensi. Sukulu ikhoza kukhala ndi nyumba zokongola ndi yunifolomu yoyera mbee, koma ngati khonsolo siikuidziwa, pepala limene mudzatuluke nalo silidzakulolani kugwira ntchito ya unamwino paliponse. Kafunseni kukhonsolo komweko, osati kwa amene akuitanira sukulu yake pa WhatsApp.

Kenaka sankhani njira yolingana ndi mapointi anu ndi thumba la kwanu. Digiri ya zaka zinayi imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inabadwa mu 2021 pamene Kamuzu College of Nursing inaphatikizana ndi College of Medicine, komanso ku Mzuzu University. Dipuloma ya zaka zitatu imapezeka ku Malawi College of Health Sciences ndi m'makoleji a mishoni omwe ali pansi pa CHAM, monga Nkhoma, Ekwendeni, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Muona. Konseku amayang'ana kwambiri Chingerezi, Masamu, Biology ndi maphunziro ena a sayansi, choncho ngati mudakali kusekondale, limbikirani pamenepo. Ngati Biology inakuvutani, kubwereza mayeso n'kwanzeru kuposa kulowa sukulu yokayikitsa. Musaderere dipuloma. Ambiri anayambira pamenepo, nagwira ntchito zaka zingapo, n'kubwerera kusukulu kukatenga digiri ali ndi luso m'manja. Amene mwasankhidwira kuyunivesite, lembani msanga fomu ya ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board.

Mukalowa sukulu, dziwani kuti m'kalasi mumangomva za unamwino, koma kuuphunzira kwenikweni ndi kuwodi. Apa ndipo ndikufuna tikhalitsepo.

Phunzirani kuona ndi kuwerenga. Mwana wa miyezi isanu ndi itatu wabwera akutsokomola, mayi ake akuti wangoyamba dzulo. Musangomugwira pachipumi. Pemphani mayiwo amuvundukule pachifuwa, mwanayo akhale phee, inu muyang'ane wotchi ndi kuwerenga mpweya wake kwa mphindi yathunthu. Akapuma ka 50 kapena kuposa pa msinkhu umenewo, kapena nthiti zam'munsi zikamalowa m'kati pokoka mpweya, ganizirani chibayo ndipo uzani akuluakulu nthawi yomweyo. Choncho gulani wotchi yoonetsa masekondi musanagule nsapato zachiwiri. Kuwodi ya azimayi n'chimodzimodzi: mayi akabereka, mugwireni pamimba kuti mumve ngati chiberekero chalimba, ndipo yang'anani nsalu imene wagonerayo. Magazi okwana 500 ml ndi ambiri kale, ndipo mayi akhoza kumakuyankhani bwinobwino uku akutha.

Zimene mwaona, lembani pomwepo, ndi nthawi yake. Musalembe BP imene simunayeze, musadzaze partograph, tchati chotsatira mmene kubereka kukuyendera, mayi atabereka kale. Ndikudziwa kuti pa naiti namwino mmodzi amatsala ndi wodi yodzaza, ena atagona pansi, ndipo chiyeso cholemba za m'mutu chimakula. Koma nambala yabodza imasocheretsa mnzanu wolandira ntchito m'mawa, ndipo wolipira ndi wodwala. Ndi bwino kulemba kuti simunathe kuyeza.

Funsani. Ngati mlingo wa mankhwala simunaumvetse, makamaka wa mwana umene umawerengedwa potengera kulemera kwake, imani kaye mufunse ainchaji. Kufunsa n'kudziwa njira. Akakukalipirani, mawa ziiwalika, koma jakisoni wolakwika sabwezeka.

Samalaninso pakamwa panu. Madandaulo ambiri amene anthu amakhala nawo pa anamwino si a mankhwala ayi, ndi a mawu. Agogo amene ayenda kuchokera mbandakucha, kabuku ka kuchipatala atakulunga m'jumbo, alonjereni kaye, muwatchule kuti agogo, muwafotokozere m'chilankhulo chawo kamwedwe ka mankhwala, kenaka muwapemphe abwereze zimene mwanena. Odikirira odwala musawaone ngati osokoneza. Ndiwo amaona usiku wonse ngati wodwala wadya, wasanza kapena wakodza. Ndipo za matenda a munthu zitsale kuchipatala: osati m'minibasi, osati pa Facebook.

Dzitetezeni inunso. Bayitsani katemera wa hepatitis B musanayambe zakuwodi. Singano yogwiritsa kale ntchito musaibwezere chivindikiro, iponyeni m'bokosi lake. Ikakubayani, tsukani ndi madzi ndi sopo, nenani kwa akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo yambani mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP asanathe maola 72. Amamwedwa masiku 28. Manyazi asakubisitseni nkhani yotere.

Mukamaliza sukulu, kutsala mayeso a khonsolo. Akonzekereni ngati kuti simunalembepo mayeso ena, chifukwa popanda iwo simunakhale namwino. Laisensi ikatuluka, ntchito ya boma ikhoza kuchedwa, ndipo ambiri amadikira nthawi yaitali. Musakhale pakhomo manja lende. Funsirani m'zipatala za CHAM, m'mabungwe ndi m'zipatala zomwe si zaboma, kuti manja asaiwale. Akakutumizani kuchipatala chaching'ono chakumudzi, musafulumire kukana, pakuti kumeneko n'kumene namwino amakhwima msanga. Kumbukirani kukonzetsanso laisensi nthawi yake ikakwana, sungani umboni wa maphunziro apantchito a CPD, ndipo lowani m'bungwe la anamwino la NONM kuti mukhale ndi okuyankhulirani zinthu zikavuta.

Za kunja ndingonena mwachidule. Ofuna kukagwira ntchito ku Britain amalemba mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, kenaka mayeso a unamwino a CBT ndi OSCE. Malawi ali pa mndandanda wa WHO wa mayiko operewera ogwira ntchito zaumoyo, kotero mabungwe a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anamwino kuno, ngakhale munthu payekha akhoza kufunsira ntchito. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama akupezereni malo kumeneko, musamupatse.