Masamu a Msodzi: Tiphe Nsomba Zingati Kuti Mbewu Isathe?

Ife a kumtunda kuno ku Dedza nyanja timaidziwira pamsika. Usipa umakwera mapiri a Golomoti kuchokera ku Mtakataka, ndipo mulu ukachepa timakwiyira wogulitsa. Koma funso lenileni lili m'madzi: tingaphe nsomba zochuluka bwanji chaka chino kuti chaka chamawa tidzapezenso zina, msodzi napezabe phindu? Funsoli lili ndi masamu ake, ndipo wophunzira wa Fomu 3 akhoza kuwatsatira.

M'chaka cha 1838, Pierre Verhulst wa ku Belgium analemba njira yowerengera momwe zamoyo zimachulukira malo akakhala ndi malire. Mu 1954 Milner Schaefer anaigwiritsa ntchito pa usodzi. Imati nsomba zoonjezereka pachaka = r × N × (1 − N/K). N ndi nsomba zomwe zilipo, K ndi nsomba zomwe nyanja ingathe kudyetsa ikadzaza, ndipo r ndi liwiro la kuswana.

Tiyerekeze nyanja yomwe K wake ndi matani 10,000 ndipo r ndi 0.4. Manambalawa ndi ongophunzirira. Mukakhala matani 2,000, zoonjezereka ndi matani 640, chifukwa makolo ndi ochepa. Mukakhala matani 8,000, zoonjezereka ndi 640 womwewo, chifukwa tsopano zikulimbirana chakudya. Pachimake ndi pakati, pa matani 5,000, pomwe nyanja imabereka matani 1,000 pachaka. Akatswiri amati iyi ndi MSY, nsomba zochuluka zedi zomwe tingaphe chaka ndi chaka popanda kuchepetsa mbewu.

Ndiye tingolamula kuti aziphedwa matani 1,000 basi? Apa ndi pomwe pali msampha. Masamuwa akuganiza kuti zaka zonse ndi zofanana, pomwe aliyense wolima mbatatesi akudziwa kuti sizili choncho. Tinene kuti chaka china madzi aphwa, malo oswanirana auma, r watsika kufika pa 0.2. Nyanja ibereka matani 500 okha, ife tichotsa 1,000, mutsala 4,500. Chaka chotsatira nyengo yabwerera mwakale. Werengani nokha: 0.4 × 4,500 × 0.55 ikupereka 990. Ife tichotsabe 1,000. Kusiyana kwa matani khumi kukuoneka ngati nthabwala, koma chaka chilichonse kumakula, ndipo nsomba sizibwereranso pa 5,000. Chaka chimodzi choipa chakwanira kuyambitsa matsitso, ngakhale palibe msodzi amene waphwanya lamulo.

Tsopano tiyese kusunga matani 7,000 m'nyanjamo. Zoonjezereka ndi matani 840, ndipo tizipha zomwezo. Chaka choipa chikafika mubadwa 420, mutsala 6,580. Chaka chotsatira mubadwa pafupifupi 900, kuposa zomwe tikuchotsa, choncho nyanja ikudzichiza yokha. Tataya matani 160 pachaka, koma tagula chitetezo. Palinso china. Nsomba zikachuluka m'madzi, khoka limadzaza msanga. Ngati pankafunika mabwato 100 kuti aphe matani 1,000 pa 5,000 paja, mabwato 60 okha akwanira kupha 840 pa 7,000. Mafuta a injini, maukonde ndi malipiro a alovi zatsika kwambiri kuposa momwe nsomba zatsikira. H. Scott Gordon wa ku Canada anasonyeza mu 1954 momwemo kuti phindu lalikulu limapezeka tisanafike pa MSY, ndiponso kuti nyanja ikakhala ya aliyense, anthu amalowabe mpaka phindu lonse litatha.

Vuto ndi mabwato 40 otsalawo. Eni ake ali ndi ana ofuna fizi, ndipo masamu sanena kuti atuluke ndani. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe malamulo ambiri a usodzi amafera.

Izi sizongolemba pabolodi. Ku Nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 kunkaphedwa chambo choposa matani 8,000 pachaka. Patatha zaka khumi sichinkafikanso matani 1,000. Makoka a maso aang'ono ophera kambuzi ankakokolola ana a chambo pamodzi ndi zomera za pansi pa madzi. Chambo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana m'kamwa, choncho kupha chimodzi nyengo yoswana ndi kupha banja lonse. M'chilankhulo cha masamu athu, makokawo anachepetsa N, r ndi K nthawi imodzi. Mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madoko kumeneko, koma chambo sichinabwerere mwakale. Nyanja ya Chilwa nayo inauma mu 1968 ndi mu 1995. K wa nyanja yotere sangalembedwe ngati nambala imodzi. Ku Peru usodzi waukulu wa anchoveta unagwa mu 1972 pamene El Niño anapeza nsomba zitaphedwa kale mopitirira.

Kudziwa N kumavutanso, poti palibe amene amawerenga nsomba m'madzi. Ofufuza a ku Monkey Bay amadalira kwambiri zomwe bwato limodzi lagwira pa ulendo umodzi. Koma usipa umasonkhanira nyali usiku, ndiye chilimira chikhoza kudzazabe pamene nyanja ikuchepekedwa. N'chifukwa chake ndi bwino kupha gawo la zomwe zilipo m'malo mwa nambala yokhazikika: magawo 20 pa 100 a matani 4,500 ndi 900, ndipo 990 obadwa aja akubweza mbewu. Kutseka nyanja kumagwira ntchito yofanana. Pachilumba cha Mbenje ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukuletsa usodzi nyengo ya dzinja kuyambira m'ma 1950, popanda kudikira kuti wina awerenge N.

Nafenso a kumapiri tili m'masamuwa. Mtsinje wa Linthipe umayambira kwathu kuno n'kukathira m'nyanja ku Salima, ndipo mpasa zimakwera mtsinjewu kukaswana pa timiyala ta pansi. Dothi lokokoloka m'minda ya m'matsitso ndi m'nkhalango zodulidwa limakwirira timiyalato. Amene akulima mpaka m'mphepete mwa mtsinje ku Dedza akutsitsa r wa msodzi wa ku Salima yemwe sanamuonepo.