Malangizo: Makina a TIG owotcherera aluminiyamu wochindikala

Mmisiri wowotcherera pakhomo amene akusaka makina a TIG ayambe wayang'ana zilembo ziwiri: AC. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kokuta pamwamba pake kamafuna madigiri oposa 2,000, ndipo AC ndiye amakaswa. Makina a DC okha asawagule, ngakhale atchipe bwanji.

Kenako mphamvu. Aluminiyamu amamwaza kutentha msanga, choncho milimita iliyonse imadya ma amp pafupifupi 40. Wa mamilimita 6 amafuna ma amp oyandikira 240. Makina a ma amp 200 amafooka pamenepa, pokhapokha mmisiri atayamba wamutenthetsa pang'ono.

Tochi yoziziritsidwa ndi madzi siwotcha dzanja pa ntchito yaitali. Mpweya wowotcherera ukhale argon wosasakaniza ndi CO2. Asanalipire, aitane wamagetsi adzaone ngati mawaya a m'nyumba angapirire.