Kupanga njinga yamabatire yokoka ndi matayala onse anayi

Njinga zamabatire zimene amagulitsa kwa anthu aulumali ndi okalamba, zambiri anazipangira pansi posalala: m'makonde a zipatala, m'masitolo akuluakulu ndi m'misewu yatala. Zili ndi timatayala ting'onoting'ono, mimba yake imachita kukwecha pansi, ndipo matayala okoka ndi awiri akumbuyo okha. Mukazifikitsa pa njira ya kudimba, pamchenga wa kunyanja kapena pamatope a mu Januwale, tayala limodzi likangoterereka, ulendo wathera pomwepo. Banja limene lili ndi wowotcherera waluso komanso munthu wodziwa zamagetsi likhoza kupangitsa njinga yokoka ndi matayala onse anayi, yoti gogo kapena m'bale wovulala msana azifika nayo kutchalitchi, kumsika ndi kumunda popanda kudikira womukankha. Koma wokwerapo ndi munthu amene sangadumphe zinthu zikavuta, ndiye chilichonse chimene ndifotokoze pano chachokera pa mfundo imeneyo.

Musanagule chitsulo ngakhale chimodzi, tengani tepi muyeze mwini njingayo. Akhale pampando wolimba, mapazi ali pansi. Yezani kutambalala kwa m'chiuno, muwonjezere pang'ono poti chikhatho chizilowa mbali zonse. Yezani kuchokera kumsana mpaka kuseri kwa bondo, muchotsepo masentimita 3 mpaka 5 kuti mphepete mwa mpando musamadinde mitsempha. Kenako kayezeni khomo la nyumba, chifukwa njinga yokanika kulowa m'nyumba idzagona panja ndi kuvumbwa. Ndipo pitani naye kwa a mafizo kuchipatala cha boma, kapena ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, akakuuzeni mpando ndi khushoni yomuyenera. Munthu amene thupi lake silimva kuchokera m'chiuno kutsika mmunsi sazindikira kuti khungu likupsa ndi kukhala; zilonda za m'matako zimayamba mwakachetechete ndipo zimapha. Njira ya mabampu imawonjezera vutoli. Siponji ya matiresi akale siyokwanira. A mafizo omwewo ndi amene anganene ngati munthuyo akuyenera kuyendetsa yekha, pakuti amene saona bwino kapena amene khunyu limamugwetsa kawirikawiri njinga yotereyi ingamuvulaze.

Mamota alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi ochotsa ku njinga zamagetsi za aulumali zimene zinafa. Amayendera 24V, ali ndi magiya amene amawapatsa mphamvu zokwera mtunda pang'onopang'ono, ndipo ali ndi buleki imene imadzimanga yokha magetsi akathima. Mukapeza anayi ofanana, mwachita mwayi, ngakhale kuti ndi olemera ndipo kuwamangirira kutsogolo kokhota kumavuta. Achiwiri ndi aja okhala m'kati mwa tayala momwe, a mu hoverboard kapena a masikuta amagetsi, oyendera 36V, lililonse la 250W mpaka 350W. Kuno sapezeka wamba, nthawi zambiri mpofunika kuitanitsa kapena kutuma abale a ku Johannesburg. Musatenge a mainchesi 6.5 a labala wolimba aja, amazama mumchenga. Tengani a mainchesi 10 opopa mpweya, ndipo ngati mukugula atsopano, sankhani amene ali ndi mabowo omangirapo disiki ya buleki. Malangizo otsatirawa ndi a mtundu wachiwiriwu.

Felemu ipangidwe ndi machubu a makona anayi a 30mm, okhuthala 2mm, amene mungawapeze ku Ndirande kapena ku Malangalanga ku Lilongwe. M'lifupi, kuchokera kunja kwa tayala ili mpaka kunja kwa linalo, pakhale masentimita 70 mpaka 75 ngati khomo likulola. Kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo, pafupifupi mita imodzi. Jambulani zonse ndi choko pasimenti, muikepo mpando, mwiniyo akhalepo aone ngati miyendo ikukwana, kenako m'pamene wowotcherera ayambe kudula.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amawotcherera felemu yolimba gwa, matayala anayi onse omangidwa pa chitsulo chimodzi, n'kumaganiza kuti mamota anayi athetsa zonse. Taonani tebulo la miyendo inayi mukaliika pabwalo losasalala: limaima ndi miyendo itatu, wina uli m'malere. Njinga yanunso idzatero. Tayala lolendewera lidzangozungulira pachabe, ndipo wokwera adzapendekeka nthawi iliyonse tayala lina likaponda mwala. Mankhwala ake ndi amene ali pa thirakitala. Chitsulo chonyamula matayala akutsogolo chisawotchereredwe ku felemu, koma chikolekedwe pakati penipeni ndi bawuti imodzi yaikulu ya 20mm yoloza kutsogolo, yodutsa m'kachubu kokhuthala kopaka girisi, kuti tayala lakumanja likakwera chulu, lakumanzere lizitsika n'kugwirabe nthaka. Ikani timalabala todula ku tayala lakale mbali zonse, kuti chitsulocho chizisewera masentimita 5 okha kukwera kapena kutsika, chisapyole. Chisewerecho chikachuluka, njinga imagwa msanga pokhota.

Matayala akutsogolo azikhota lililonse pa msomali wake, monga zimakhalira pa galimoto. Mitu iwiri ya felemu ya njinga yakapalasa yolimba, pamene pamalowa foloko paja, imagwira bwino ntchito imeneyi chifukwa ili kale ndi mabering'i. Timikono tolumikiza matayalawo ku ndodo yokhotetsera tisaloze kumbuyo chindunji. Mangani chingwe kuchokera pa msomali uliwonse kukafika pakati penipeni pa matayala akumbuyo, ndipo kamkono katsate chingwecho. Mukatero tayala lam'kati limakhota kwambiri kuposa lakunja, njinga siikwekwereza matayala, ndipo mahandulo amapepuka m'manja mwa munthu wofooka. Ena amasiya matayala onse osakhota, n'kumatembenuza njinga poyendetsa mbali imodzi kutsogolo ina kumbuyo. Ine njira imeneyo sindiilimbikitsa: imadya batire, imatha matayala, ndipo pamchenga imadzikumbira dzenje.

Moto wa wowotcherera usakhudze mota. Waya amadutsa m'kati mwa kachitsulo kapakati pa tayala, ndipo kutentha kumasungunula wayayo n'kufooketsa maginito. Kachitsuloko kali ndi mbali yophwathalala. Kapanikizeni pakati pa zitsulo ziwiri zokhuthala ndi mabawuti anayi okhala ndi manati osamasuka okha, kuti kasazungulire n'kupotokola mawaya.

Zolemera zonse zitsike pansi. Batire ikhale pansi pa mpando, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, m'bokosi lachitsulo losalowa madzi. Pokhalira pasapitirire masentimita 50 kuchokera pansi, ndipo msana wa wokwera ukhale kutsogolo kwa matayala akumbuyo, osati pamwamba pake, apo ayi adzagwa chagada pokwera mtunda. Kumbuyo ikani timatayala tiwiri totchinga kugwa, tokwezeka pang'ono. Mkono umodzi wa mpando uzitukulika kuti munthu azilowera cham'mbali. Lamba wa m'chiuno ndi popondera pokhala ndi mpanda wotchinga phazi kuti lisagwere ku tayala zisasowe.

Pa zamagetsi, mota iliyonse imafuna kontirola yakeyake, ndiye mugule zinayi zofanana za 36V, zokhala ndi waya wa livesi ndi wa buleki. Zonse zilandire lamulo kuchokera ku kabatani kamodzi kokankha ndi chala chachikulu, kamene kamabwerera kokha mukakasiya. Mamota akumanzere amayang'ana mosiyana ndi akumanja, choncho ikani njinga pa njerwa, matayala ali m'malere, muone kuti onse akuzungulira mbali imodzi, kutsogolo ndi pa livesi pomwe. Mamota anayi a 250W akalimbikira pamodzi amakoka pafupifupi 28A. Mawaya ochokera ku batire akhale a 6mm², ndipo fyuzi ya 40A ikhale pafupi penipeni ndi batire. Pamahandulo pakhale batani lalikulu lofiira lothimitsa zonse, chifukwa waya mmodzi wa kabatani koyendetsera akaduka, makontirola ena amathamangitsa mota mwamphamvu zonse m'malo moima. Ikaninso kiyi, ana asaiyese choseweretsa.

Batire ya 36V 20Ah imasunga 720Wh. Ngati ndi ya lithium, ikhale yatsopano, yokhala ndi BMS yoteteza, ndi tchaja yakeyake ya 42V. Mabatire akale a mu hoverboard musawakhulupirire; mu Julayi 2016 boma la America linalengeza zoti ogula abweze ma hoverboard oposa 500,000 chifukwa mabatire ake ankapsa. Moto wa lithium umalilima mofulumira, ndiye musatchajire kuchipinda chogona, pakhomo potulukira kapena pansi pa denga la udzu, ndipo musagone tchaja ili pamoto. Thumba likaperewera, lumikizani motsatizana mabatire atatu omata a 12V 20Ah. Ndi olemera, ndipo mukamawagwiritsa ntchito kupyola theka amafa msanga. Batire ya galimoto ayi: siinapangidwire kukhetsa mphamvu tsiku lonse, komanso asidi wake amatayika njinga ikapendekeka. Kumene kulibe magetsi a ESCOM, sola ndi inivetala zimatchaja bwinobwino, bola kuyamba m'mawa.

Tsopano mabuleki, amene kwa ine ndi ofunika kuposa mamota. Mamota a m'tayala alibe buleki. Magetsi akathima pamtsetse, njinga imangopita. Ikani mabuleki a disiki a njinga yakapalasa pa matayala onse akumbuyo, okokedwa ndi chogwirira chimodzi, ndipo chogwiriracho chizidulanso magetsi a mamota. Pakhalenso kotsekera kuti buleki izikhala yomanga pamene munthu akukwera kapena kutsika, pakuti anthu ambiri amagwa nthawi imeneyo njinga ikasuntha. Mwiniyo ayese yekha kufinya. Ngati dzanja lake silikwanitsa, mupangireni ndodo yaitali yokankha ndi mkono wonse. Liwiro nalo lichepetsedwe. Ku Britain lamulo limalola njinga zoterezi kuyenda pafupifupi makilomita 6 pa ola m'njira za oyenda pansi, ndipo limenelo ndi liwiro lokwanira pa njira zathu zafumbi. Mamota amenewa amatha kuthamanga kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndiye wazamagetsi akhazikitse makontirola pa liwiro lotsikitsitsa, batani losinthira liwiro alichotseretu.

Njingayo ikatha kupangidwa, munthu asakwere kaye. Mangirirani matumba awiri a simenti pampando, makilogalamu 100, muziyenda pambali mutagwira mahandulo. Idutse pamchenga, pamizu ya mitengo, pangalande ya kuseri kwa nyumba. Ikwere mtunda woipitsitsa umene mwiniyo azidutsa, muiimitse pakati pa mtundawo ndi buleki yokha, kenako mutsike nayo. Pendeketsani mbali imodzi pa thabwa muone pamene matayala ayambira kunyamuka. Mukamaliza, gwirani mota iliyonse ndi chikhatho. Ikakhala yotentha moti simungaigwire nthawi yaitali, katunduyo kapena mtundawo waichulukira. Yang'anani mowotcherera monse ngati mwayamba ming'alu, ndipo zungulirani pafupi ndi nyumba mpaka batire ifike theka kuti mudziwe mtunda weniweni umene imayenda. Pamchenga kuchepetsako mpweya m'matayala kumathandiza. Matope ofika pakati pa tayala ndi madzi oyenda azilambalalidwa, chifukwa madzi akalowa m'mota amawononga timasensa tam'kati.

Masabata oyamba mwiniyo aziyenda ndi womuperekeza, ndipo madzulo aliwonse wina amuone khungu la m'matako ndi kumsana. Pakapezeka pofiira kapena pakuda posabwerera mwakale, asiye kukwera mpaka a mafizo aonenso khushoniyo. Njinga yake yakale yokankha musaigulitse, tsiku limene batire idzafe adzaifuna.