Kupanga makina ocheka matabwa ndi zitsulo zakale

Kachekedwe ka padzenje sitichita kuuzana. Wina amaima pamwamba pa chipika, mnzake pansi utuchi ukumugwera m'maso, sowo ikukwera ndi kutsika kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litafika paliwombo. Matabwa amatuluka ndithu, koma wolipira ndi msana. Masiku ano anyamata ambiri athawira ku chainsaw. Imeneyi ndi yachangu koma ndi yosakaza. Paliponse pamene yadutsa imadya mamilimita 8 mpaka 10 a mtengo, ndipo thabwa lake limatuluka lamizeremizere, kalipentala n'kulipalanso kwambiri kuti lisalale.

Pali makina ena otchedwa band saw. Ogula kusitolo ndi okwera mtengo, munthu mmodzi wa kumudzi sangawafike. Koma mmisiri wowotcherera wodziwa ntchito yake akhoza kuwapanga pompano pa Liwonde, ndi zitsulo zomwe zikungochita dzimbiri kuseri kwa magalaja.

Ubwino wake tiuone ndi masamu. Tengani chipika chomwe mwachisema mbali zonse zinayi, chokhuthala mamilimita 300. Mukufuna matabwa a inchi imodzi, omwe ndi mamilimita 25. Bledi ya band saw ndi yopyapyala, imadya mamilimita atatu okha, ndiye mupeza matabwa 10. Chainsaw ikamadya mamilimita 10 mupeza matabwa 8. Matabwa awiri apita ndi mphepo pa chipika chimodzi. Nanga pa zipika makumi awiri?

Amacheka bwanji?

Bledi yake ilibe poyambira kapena pothera. Ndi chitsulo chopyapyala cholumikiza mozungulira ngati lamba wa pachigayo, koma chili ndi mano mbali imodzi. Imavekedwa pa matayala awiri oima moyandikana, lina kumanja lina kumanzere. Injini imazunguza tayala limodzi, tayalalo limakoka bledi, bledi n'kuzunguza tayala linalo. Mbali ya m'munsi ya bledi ndi imene imacheka, ndipo imacheka chogona.

Chipika sichiyenda. Chimamangidwa pa njanji, ndipo chimene chimayenda ndi mutu wa makina, kutanthauza matayala, bledi ndi injini pamodzi. Munthu amakankha mutuwo kuchokera kutsinde la chipika mpaka kunsonga. Akafika, amachotsa thabwa, kukweza mutu pang'ono, kubwerera, kuutsitsa pa muyeso wa thabwa lina, n'kuyambanso.

Mwina mukudabwa kuti bledi siivuka bwanji pa tayala popanda choigwira. Tayala lopopa bwino limatukuka pakati, ndipo lamba aliyense woyenda amakonda kukwera pamalo potukuka n'kukhazikika pomwepo. Ndi zokhazo.

Zofunika kusonkhanitsa

Yambani ndi kugula bledi. Ichi chokha musatole. Gulani zatsopano, zitatu kapena zinayi, za mamilimita 32 m'lifupi mwake. Funsani m'masitolo a zitsulo ku Blantyre kapena ku Lilongwe, kapena tumani m'bale wa ku Joni. Kutalika kwa bledi ndi kumene kumalamula kuti matayala atalikirane motani. Amene amayamba ndi kuwotcherera, bledi n'kudzafuna pambuyo, amadzadulanso zomwe anawotcherera kale.

Zina zonse n'zofunafuna. Matayala awiri ofanana ndendende, pamodzi ndi marimu ndi mahabu ake. Timatayala topyapyala ta sipeya tomwe timabwera ndi magalimoto a ku Japan ndi tabwino kwambiri, chifukwa n'totukuka pakati ndipo eni magalimoto satiwerengera. Mabering'i ang'onoang'ono mungawachotse mu alternator yakufa. Mawilo anayi a geti lotsetsereka, aja okhala ndi mpata pakati, ndiwo ayendetse mutu pa njanji. Tcheni cha njinga ndi masipuloketi ake musataye, tiona ntchito yake. Injini ikhale ya hosipawa 10 mpaka 15. Ya dizilo yomwe inapuma pachigayo chaching'ono igwira ntchito, bola ikhale isakudontha oyilo. Yendani m'magalaja a m'mbali mwa msewu wa M3, muwoloke Kamuzu Barrage mukafunse pa Mangochi Turn-off, mukasowa mukwere basi ya ku Balaka.

Pano tichenjezane. Munthu akakubweretserani zitsulo zotuwa zokhala ndi mabowo a mabawuti, akugulitsa motchipa ndiponso madzulo, mubwezeni. Zimenezo nthawi zambiri zimakhala zomasula pa nsanja za magetsi a ESCOM. Chimodzimodzi chitsulo chilichonse cha pa njanji ya sitima yopita ku Nayuchi. Wogula amamangidwa limodzi ndi wakuba, ndipo nsanja ikagwa ndi tonse amene timagona mu mdima, chigayo n'kuima, chipatala n'kuvutika.

Njanji

Anthu akaona makinawa maso amathamangira pa injini, koma thabwa lowongoka limachokera pa njanji. Njanji ikakhota, thabwa lililonse lituluka ndi kukhota komweko, ngakhale injini itakhala yatsopano.

Tengani zitsulo ziwiri za angle iron, za mamilimita 50, zotalika mamita 6. Zigonekeni msana uli m'mwamba kuti mawilo a geti akhale bwino. Pakati pake muwotcherere mitanda yotalikirana pafupifupi mita imodzi. Chipika chidzagona pa mitanda imeneyi. Dziwani kuti mutu umadya malo, choncho pa njanji ya mamita 6 mudzacheka chipika chosaposa mamita asanu.

Malo oikapo musankhe ouma ndi olimba. Dothi la makande la m'mbali mwa Shire limafufuma ndi mvula, chilimwe n'kung'aluka, ndiye njanji imasuntha nalo. Kumbani, muthire simenti pansi pa mwendo uliwonse. Poyeza bwerekani paipi yoonekera mkati yomwe omanga nyumba amathiramo madzi, ndi chingwe chokunga bwino. Yezani, wotchererani pang'ono, yezaninso. Chitsulo chikatentha chimakoka, ndiye mmisiri wabwino sawotcherera mbali imodzi mpaka kumaliza. Amadontheza apa, n'kudumphira uko. Ntchito imeneyi ikatenga masiku awiri musadandaule.

Mutu

Mutu ndi nsanamira zoima pa mawilo aja, ndi mtanda waukulu wonyamula matayala ndi injini. Mtandawo uyenera kukwera ndi kutsika mofanana mbali zonse. Ikani mabawuti awiri aatali a mazinga, lina kumanja lina kumanzere, pamwamba pake masipuloketi, n'kuwalumikiza ndi tcheni cha njinga. Mukapukusa chogwirira chimodzi, onse awiri amazungulira limodzi. Khomani rula pa nsanamira kuti muziwerenga muyeso wa thabwa.

Tayala lomwe silikokedwa ndi injini likhale lotha kusuntha. Bawuti lalikulu lizilikankhira kunja kuti bledi ikungike, ndipo mabawuti ena awiri azilipendeketsa pang'ono mpaka bledi iziyenda pakati. Yesani pozunguza ndi manja, injini ili chete.

Injini imathamanga kuposa mmene tayala lifunira. Pule ya pa injini ikhale yaing'ono, ya pa tayala ikule pafupifupi katatu ngati injini ndi ya dizilo, kanayi ngati ndi ya petulo. Lamba wake akhale wokhwepa, ndipo kapule kena ka pa chogwirira kazimukunga mukafuna kucheka. Potero injini imalira bledi ili chiimire. Mano aziyenda kulowera ku tayala la injini, ndipo zitsulo zotsamirapo chipika zikhale mbali yomweyo.

Pafupi ndi chipika, uku ndi uku, ikani mabering'i aja kuti azipondereza bledi pang'ono isamagwedezeke. Pamwamba pachikani chigubu cha malita asanu, madzi osakaniza ndi sopo pang'ono azidontha pa bledi. Amaiziziritsa ndi kutsuka utomoni. Oyilo wakuda ayi, amaterera ndiponso amaononga tayala.

Chomaliza ndi chotchinga. Matayala onse awiri ndi mbali ya pamwamba ya bledi zitsekedwe ndi malata olimba kapena matabwa okhuthala. Bledi imathamanga mamita oposa 20 pa sekondi imodzi, ndipo tsiku lina idzaduka basi. Ikaduka mkati mwa chotchinga mumangomva phokoso. Makina opanda chotchinga sanathe kupangidwa, musawalize ngakhale kongoyesa. Ana aonerere ali patali. Wocheka asavale malaya olendewera, atchinge maso, makutu ndi mphuno, ndipo amene walawa kachasu tsiku limenelo apite akagone.

Msomali

Mitengo yambiri yomwe mudzacheke ndi ya pakhomo: mango wakale, malaina a m'malire a munda, bulugama wa kuseri kwa khola. Mitengo imeneyi yakhala ndi anthu zaka zambiri, ndipo anthu amakhoma zinthu. Mayi anakhomapo msomali womangira chingwe choyanikira zovala. Bambo anazengezapo waya wa mpanda wa mbuzi. Pa mtengo wa pamsika kapena pa sukulu anakhomapo zidziwitso za misonkhano, chaka ndi chaka. Wogulitsa nyama anakolekapo ngowe. Mtengo ukamakula umameza zonsezi, khungwa n'kutseka bwinobwino, kunja osaoneka kanthu.

Bledi ikakumana ndi msomali mumamva kuti tswee! Pomwepo mano angapo apita. Thabwa limayamba kutuluka lokwera ndi kutsika, ndipo ndalama ya bledi yapsa chifukwa cha msomali umodzi wa mainchesi anayi.

Choncho musanagule mtengo, funsani mwini wake kuti unali pati ndipo ankamangapo chiyani. Funsani agogo a pakhomopo, iwo ndi amene amakumbukira. Yang'anani kwambiri chipika choyamba, kuchokera pansi kufika pamene mkono wa munthu wamkulu umalekeza, chifukwa misomali yambiri imakhala m'menemo. Pamene khungwa latupa kapena pali chipsera, semanipo ndi nkhwangwa muone. Yang'ananinso podulidwa: mukaona banga lakuda kapena lobiriwira ngati inki, dziwani kuti chitsulo chili pafupi. Mukachipeza, chikumbeni ndi tchizulo mpaka chituluke chonse. Mukakayika, dulani chigawo chimenecho chikhale nkhuni. Kutaya theka la mita ya mtengo n'kotchipa kuposa bledi.

Mchenga nawo ndi mdani, ngakhale umapha pang'onopang'ono. Chipika chokokedwa pansi chimadzaza mchenga m'khungwa. Chisendeni kapena chitsukeni musanachikweze pa njanji.

Kusamala bledi

Musadikire kuti ibunthe kotheratu. Ikacheka maola awiri ichotseni, muike ina. Mudzaidziwa yotopa: mutu umalemera pokankha, utuchi umatuluka wotentha ndi wosalala ngati ufa. Mano a bledi zambiri ndi olimbitsidwa, kunola ndi tupa sikuyenda, pamafunika kamwala ka grinder ndi dzanja lopepuka. Mukayang'anitsitsa muona kuti dzino lina lapendekera kumanja, lina kumanzere, lina lili chilili. Kupendekera kumeneko ndi kumene kumatsegula njira kuti bledi isapanike. Ocheka padzenje amaidziwa kale ntchito imeneyi, afunseni akuonetseni. Poweruka masulani bawuti lokungira kuti bledi ndi matayala zipume.

Mitengo yake iti?

Makinawa ali ndi njala, ndipo apa ndi pamene munthu amayesedwa. Amene amadutsa msewu wochokera ku Zomba amaona yekha mmene mapiri a Chinduzi ndi Mongolowe ayerera. Nkhalango ya boma ya Liwonde ndi yotetezedwa. Tsanya wa mu Liwonde National Park, yomwe akuyang'anira a African Parks kuyambira 2015, si wokhudza n'komwe. Lamulo la zankhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakwera. Mbawa ndi mlombwa, ngakhale zili m'munda mwanu, musadule musanafunse. Pitani ku ofesi ya zankhalango ya boma lanu, ku Machinga kapena ku Balaka, akuuzeni za chilolezo chocheka ndi chonyamulira matabwa. Mupite makina asanayambe kulira.

Chekani mitengo yobzala. Gulu lomwe lasonkha ndalama ku banki m'khonde kuti lipange makinawa lisonkhenso ya nazale. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Bulugama ndi malaina sizichedwa kukula.

Thabwa likatsika pa makina ntchito sinathe. Dzuwa la pa Liwonde mwezi wa Okutobala limang'amba thabwa laliwisi masiku ochepa, makamaka la bulugama. Sanjani pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa kuti chiswe chisafike. Pakati pa mzere ndi mzere ikani timitengo touma tofanana, tolunjikana kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndipo pamwamba penipeni mutsindike ndi miyala. Malaina amachedwa kuuma koma akauma sapindika. Kalipentala akapanga chitseko ndi thabwa laliwisi n'kudzakhota, sabweranso kwa inu. Utuchi thirani m'khola la nkhuku, ukatha ntchito upite ku kompositi.

Zoti muchite

Lembani m'kope mwanu mayina a mitengo yobzala yomwe ili m'mudzi mwanu. Kenako werengerani: chipika chosema ndi chokhuthala mamilimita 200, bledi ikudya mamilimita atatu. Mutulutsa matabwa angati a mamilimita 25? Nanga mutacheka ndi chainsaw yodya mamilimita 10? Fananizani yankho lanu ndi la mnzanu.